Nkhope Ziwiri pa Tebulo Langa

9 Malichi

Amayi a Kapensulo,

Moni kwa inu ndi ana onse. Ndikhulupirira kuti muli bwino, ndiponso kuti mwendo munkadandaula nawo uja wasiya kutupa. Ine kuno ndilipo, ndikudya, ndikugwira ntchito.

Kalatayi ndapatsira Adalaivala, bambo wamtali uja anakubweretserani bulangete chaka chatha. Ndi amene amanyamula nsalu za fakitale yathu kubwera nazo kumeneko. Pafoni paja sitilankhulana, timangothamangitsana ndi mayunitsi: muli bwanji, tili bwino, ndalama zafika, basi yaduka. Ndiye ndati ndizilemba, muziwerenga mutakhala pansi.

Nkhani ndi yakuti andichotsa kolongedza mabelo. Musadzidzimuke, ntchito sinathe. Bambo amene ankajambula maluwa a pansalu anayambana ndi Abwana, mayi mwini fakitale uja, n'kunyamula chikwama chake. Tsiku lomwelo pa nthawi ya nkhomaliro ine ndinajambula kapitawo wathu pa katoni, ali m'tulo, kukamwa kuli yasa. Anzanga anaseka mpaka Abwana anatuluka mu ofesi. Anaitenga katoniyo, kuiyang'ana, kenako kundiyang'ana ine.

"Wajambula ndani?"

Mumtima ndinati basi, zanga zathera pano. "Ndine, bwana."

"Tiye kuno."

Mu ofesimo anaponya chithunzi patebulo. Anali Wachipewa! Pulezidenti wathu yemweyo, ndi chipewa chake chomwecho.

"Ndi wakwanu ameneyu eti? Akufuna kuimanso, ndipo chipani chake chaitanitsa nsalu za kampeni zodzaza malole. Koma apa akuoneka ngati wamwa mankhwala owawa. Umumwetulitse, umuchotserenso zaka khumi."

Ndiye pano ndili ndi tebulo langalanga pafupi ndi windo, mapensulo, ndi mpando wozungulira umene ndikuopabe kuutsamira. Sabata yathunthu ndalimbana ndi milomo ya munthu ameneyu. Ndikamumwetulitsa kwambiri akuoneka ngati wogulitsa mankhwala a makoswe, ndikachepetsa akuoneka ngati dzino likumuwawa. Chiyambire kujambula zikwangwani za magolosale ndi malo ometera kwathuko, sindinavutikepo chonchi ndi nkhope ya munthu.

China chimene chikundizunguza mutu ndi nsalu yoyera imene timadindapo. Imabwera pa sitima yapamadzi kuchokera kutsidya kwa nyanja. Ndinafunsa Adalaivala kuti pobwerera kuno lole yawo imanyamula chiyani. Akuti thonje. Thonje lakwathu lomwelo, lolimidwa ndi anthu ngati achimwene anu, limadutsa kuno, kukwera sitima, kukawombedwa kutali, kubwereranso kuno kudzapakidwa nkhope, kenako n'kupita kwa mwini thonje kuti avale azivina. Layenda kuposa ine.

Ndalama ndatumizazo mulipire kaye kusukulu. Zotsala mugule malata awiri a pakona podontha paja, denga lonse lidikire. Kapensulo mumuuze kuti chaka chino ndi cha mayeso, asiye kujambula kumbuyo kwa makope. Zojambula zomwezo ndi zimene zinamufikitsa bambo wake kuno.

Kuchipinda ndikukhalabe ndi Amlonda aja. Iwo amagona masana, ine usiku, bedi silizizira.

Ndine wanu,
Bambo a Kapensulo

14 Epulo

Amayi a Kapensulo,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Ndakondwa kumva kuti mapasa achira chifuwa. Ine ndili bwino. Khungu la m'manja likusupuka pang'ono, chifukwa ndikamaliza kujambula ndimatsikira kosakaniza utoto. Ukawasiyira okha anyamata a kumeneko, nkhope ya munthu imatuluka yobiriwira. Koma si nkhani.

Museke nane kaye. Lolemba lapitali Abwana anaponyanso chithunzi china patebulo panga. Wamagalasi! Amene akulimbirana mpando ndi Wachipewa yemweyo. Chipani chakenso chaitanitsa nsalu konkuno.

Ndinati, "Bwana, anthu awiriwa samwerana madzi. Nanga akadziwa?"

"Makina anga alibe chipani. Jambula."

Ndiye m'mawa ndimakonza chipewa, masana ndimapukuta magalasi. Kwathuko anthu akutukwanizana chifukwa cha awiriwa, koma kuno amagona pa shelefu imodzi, wina pamwamba pa mnzake, osakangana n'komwe.

Lamlungu tinamvera msonkhano wa Wamagalasi pa foni ya Amlonda. Munthuyo pakamwa ali napo. Akuti akalowa m'boma atseka malire kuti nsalu yakunja isalowenso, ndipo atsegulanso fakitale yakwathu inatsekedwa ija, imene ndinkagwirako tisanakwatirane. Anthu anakuwa mpaka foni inkanjenjemera. Sindikunamizeni, anandikopa. Ndinaona geti lija, ndinamva belu la m'mawa, ndinadziona ndikufika kunyumba madzulo pa njinga, mapasa akundithamangira.

Kenako Amlonda anati, "Akatseka malirewo, iwe kuno uzijambulira ndani?"

Ndiye taonani. Akapambana, ntchito yanga kuno yatha, ya kwathuyo mwina ipezeka, mwina ayi. Akaluza, ntchito ilipo, koma ndikalambira kuno. Chichokereni tsiku limenelo mutu wanga sukukhazikika. Ndimapezeka ndaima pawindo, pensulo ili m'kamwa, osadziwa kuti ndimafuna chiyani.

Tsopano za khoma. Mwalemba kuti alamu anu, mng'ono wanga uja, amusankha kukhala mkulu wa achinyamata m'chipani cha Wamagalasi, ndipo akufuna khoma lathu loyang'ana kumsewu. Akuti apakepo mtundu wa chipani ndi nkhope ya munthu wawo, ndipo chipani chitipatsa malata a denga lonse. Yankho langa ndi ayi. Pakhoma limenelo pali inuyo. Mayi wosenza beseni la tomato uja ndinamujambula chaka chimene tinalowa m'nyumbamo, inu mutaima padzuwa n'kumandikalipira kuti khosi lauma. Mpaka lero makondakitala amakuwa kuti, "Otsika pa mayi wa tomato!" Ndiye tifufute zimenezo chifukwa cha munthu amene sadziwa n'komwe kuti msewu wathu ulipo? Mumuuze mwaulemu, koma mumuuze. Nyumba yake ili ndi makoma anayi.

Kuno sopo ndi mafuta ophikira zakweranso, eni nyumba nawonso ayamba kutsokomola za lendi. Ndatumiza zochepa, mupirire nazo. Nsapato za mapasa mugule zokulirapo, azikula nazo.

Wanu,
Bambo a Kapensulo

20 Meyi

Amayi a Kapensulo,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino pansi pa denga lanu latsopano.

Inde, ndamva. Sindinamve kwa inu, ngakhale tinalankhulana pafoni ndipo ndinakufunsani za khomalo, inu n'kuyamba kunena za mtengo wa makala. Ndamva kwa Adalaivala. Anafika Lachitatu, n'kundipeza ndikudya kuseri kwa fakitale.

"Akulu, nyumba yanu ndinaidutsa osaizindikira. Mayi wa tomato kulibe. Pali Wamagalasi wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi."

Ndinasiya kudya. Iwo osaona nkhope yanga anapitiriza.

"Koma wojambulayo ndi katswiri. M'magalasimo munthu umachita kudziona. Khungu ngati lamoyo."

Ndinafunsa kuti wajambula ndani.

"Aa, simukudziwa? Mwana wanu. Ndinamupeza ali pa makwerero, akumaliza khutu."

Ndinadzuka n'kuyamba kuyenda. Ndinadutsa geti, ndinadutsa malo osungira makontena, mpaka ndinakafika ku njanji. Belu lobwerera kuntchito ndinalimvera kutali. Dzulo ndinakulemberani kalata ina, koma ndaing'amba, chifukwa munali mawu oti simukanandikhululukira.

Amlonda ndi amene anandithira madzi ozizira. Nditawafotokozera, anangoti, "Iwe umagona pouma." Ndipo n'zoona. Amene ankadzuka kusuntha mphasa ya mapasa ndi kutchera ndowa si ine. Malata awiri anga aja sanathandize kanthu, ndikudziwa. Khoma lapita, lipite. Chimene chandibaya n'chakuti munandibisira, ngati ndine mlendo woti asamve za m'nyumba. Ndiponso kuti burashi yofufutira mayi akeyo inali m'manja mwa mwana wanga. Kodi analira? Kapena anangopaka ngati akupaka chimbudzi? Mundiuze zoona.

Koma pali nkhani yoposa khoma. Akuti Kapensulo tsopano amakwera lole ya chipani ndi bambo ake aang'onowo, kumakajambula m'milatho, m'miyala ndi m'makoma a anthu, kusukulu osapita. Izi ndiye ndakana, ndipo ulendo uno musandiyankhe za makala. Kampeni ndi ya miyezi yochepa, ikatha lole idzapita kukanyamula mchenga. Nanga iye? Ndikuwadziwa anthu okwera malole amenewo, ambiri amakwera atamwa kale. Ameneyo ndi mtsikana. Mumuuze mng'ono wangayo kuti ngati akufuna wojambula, alembe ntchito munthu wamkulu, asamugule mwana wanga ndi malaya komanso ndalama ya sopo.

Pali kafunso kena. Penti wa pakhoma amavuta, akauma amada. Mtundu wa khunguwo Kapensulo anausakaniza bwanji? Mumufunse ngati mukungocheza, musanene kuti wafunsa ndine.

Mumsewu wathu kuno timasitolo tiwiri ta anthu obwera tatsekedwa. Eni dziko ena ayamba kuopseza ife obwera, ndiye masiku ano kuntchito timapita m'magulu. Musade nazo nkhawa.

Bambo a Kapensulo

25 Juni

Amayi a Kapensulo,

Moni kwa inu, kwa Kapensulo ndi kwa mapasa. Ndamva kupepesa kwanu, ndipo nkhani ya khoma ithere pomwepo. Mwati Kapensulo analira tsiku lonse asanayambe kupaka. Sindikudziwa chifukwa chake, koma zimenezo zandipepukitsa mtima. Ine ndili bwino, kupatula manjawa.

Kalatayi ndapatsira mayi wina wokwera basi, chifukwa Adalaivala atsekeredwa pa malire. Mumve zimene zachitika. Boma la Wachipewa litaona kuti mawu a mnzake otseka malire akukomera anthu, lakweza msonkho wa nsalu zakunja mwadzidzidzi, kuti lioneke kuti nalonso limakonda dziko. Ndiye lole yodzaza nkhope za Wachipewa yagwidwa ndi lamulo la Wachipewa yemweyo. Adalaivala akuti mzere wa malole sukuoneka kothera. Kutsogolo kwawo kuli wa malalanje, akungowola, ntchentche zili ng'waa. Kumbuyo kuli wa simenti amene wayamba kugulitsa dizilo kuti adye. Adalaivalawo akuti kukazizira amasolola nsalu imodzi n'kufunda pulezidenti.

Tikuseka, koma kuno zatipweteka. Abwana achepetsa masiku ogwira ntchito. N'chifukwa chake mwezi uno mwalandira zimene mwalandirazo.

Tsiku lopanda ntchito miyendo yanga imakana kukhala. Amlonda amakhala ali m'tulo, chipinda n'chaching'ono, ndiye ndimangoyenda. Lachisanu ndinakafika pakati pa tauni, n'kuona nyumba yamagalasi yoonetseramo zojambula. Kulowa ndi kwaulere. Ndinabisa manja m'matumba n'kulowa, wolondera wa mmenemo n'kumanditsatira pambuyo ngati ndili ndi ngongole yake.

M'chipinda choyamba munali ziboliboli zofanana ndendende ndi zimene amasema aneba athu aja, zimene amagulitsa pamtengo wa nkhuku. Kuno chimodzi mtengo wake mutha kufolera nyumba yathu n'kutsala chenji. Pakapepala analemba mtundu wa mtengo umene anasemera, koma dzina la wosema panalibe. Musawauze anebawo, angadwale.

M'chipinda chamkati ndi mmene ndinagwidwa. Munali chithunzi cha mayi akusita zovala, watifulatira. Nkhope yake sioneka, ndi msana wokha, phewa limodzi litatsika chifukwa cha kulemera kwa simbi. Palibe chipani, palibe mawu, palibe amene anamuchotsera zaka. Ndinaima pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi. Wolondera uja anasiya kunditsatira, n'kudzaima pambali panga.

Anati, "Ine ndimamuona tsiku lililonse, koma ndimadikirabe kuti atembenuke."

Nditabwerera kuchipinda ndinatsegulanso pepala limene Kapensulo anaika m'kalata yanu. Wakujambulani mutakhala pakhomo mukusoka batani. Mumuuze kuti dzanja lamanzere watalikitsa, ndipo mpando ukuyandama, sanaukhazike pansi. Zimenezo mumuuze. Zotsatirazi ndi zanu zokha. Amayi a Kapensulo, mwaonda. Ndipo imvi zimenezo zayamba liti? Pafoni mumangoti tili bwino, koma mwanayu sachotsera munthu kanthu. Ine pa msinkhu wake sindikanatha kujambula maso otopa chonchi. Wandiposa, ndipo zikundiopsa.

Mwalemba kuti alamu anu alonjeza kuti ukatha msonkhano waukulu wa mwezi wamawa, mwanayo sakweranso lole. Chifukwa chiyani mwezi wamawa? Bwanji osati lero? Mtima wanga sukugona pankhaniyi.

Mudye, chonde. Musamangopatsa ana.

Ndine wanu,
Bambo a Kapensulo

29 Julayi

Amayi a Kapensulo,

Moni sindikudziwa ndimupereke bwanji. Mwana ali bwanji? Wadya? Akulankhula?

Munangoti "tili kuchipatala" foni n'kuduka, ndipo ndaimba mpaka chala chatopa, yanu siikupezeka. Amene anandiimbira masana ake ndi mng'ono wanga.

"Achimwene, pachitika ngozi pang'ono."

"Pang'ono?"

Akuti pochokera ku msonkhano, anyamata a Wachipewa anawadikirira pa mlatho wa kumsika ndi miyala. Mwala umodzi unamupeza Kapensulo pamwamba pa diso lamanzere.

"Amatani pa lolepo? Sindinakane ine?"

"Anakakamira yekha, achimwene. Amafuna akaone chikwangwani chake chitakwezedwa pabwalo."

"Iwe unali pati?"

Anayamba kukamba za kuchipatala.

"Ndati unali pati?"

"Kutsogolo, ndi woyendetsa."

Kutsogolo, mawindo otseka, mwana wa mkulu wake ali kumbuyo poyera. Ndinamuuza mawu amene amayi athu akanakhala ndi moyo akananditseka pakamwa. Ndamuuza kuti phazi lake lisapondenso pabwalo panga, ndipo inunso mumve zimenezo.

Madzulo Amlonda asanapite kuntchito anandionetsa kanema amene wina anajambula pa mlathopo. Ndinawapempha ndekha, iwo ankakana. Kapensulo sindinamuone, ndi fumbi ndi kukuwa basi. Koma ogendawo ndinawaona. Paja lole ya Adalaivala inadutsa malire kumayambiriro kwa mwezi uno. Anyamatawo anali atavala nsalu zatsopano, ena m'chiuno, ena paphewa. Mmodzi anawerama kutola mwala, ndipo pamsana pake panatambasuka kumwetulira kuja ndinalimbana nako sabata yathunthu. Ndinakuzindikira ngati mmene mungazindikirire msoko wanu.

M'mawa mwake ndinakhala patebulo, Wachipewa uku, Wamagalasi uku, onse akundisekerera.

Mverani. Gulitsani njinga yanga ndi wailesi, musadikire mtengo wabwino. Musakhutire ndi amene wasoka balalo, mufunse dokotala wa maso weniweni, ngakhale akutumizeni kutali. Mapasa apite kwa achemwali anu. Ndabwereka ndalama kwa Amlonda, zifika mawa. Mugulenso chaja, foni isazimenso.

Ndipo mundiuze osazungulira. Disolo likuona?

Bambo a Kapensulo

17 Ogasiti

Amayi a Kapensulo,

Moni. Ndathokoza kuti mwandiuza zoona. Likuona ngati mu utsi, ndipo madokotala akuti tidikire. Tidikira. Za mayeso amene amudutsawo musamukumbutse, akudziwa yekha.

Mwafunsa kuti ndibwera liti. Ndinapita kwa Abwana. Anandimvetsera bwinobwino, mpaka anandikokera mpando.

"Ndine mayi nanenso, ndikumva. Koma zipani zakwanuzo zonse ziwiri zikungondilonjeza, ndiye malipiro ako onse sindingakupatse pano. Komanso mapepala ako okhalira m'dziko muno ukuwadziwa mmene alili. Ukatuluka, polowanso sudutsa."

Za mapepalazo tidzakambirana pamaso. Chachikulu n'chakuti ndikabwera lero ndibwera chimanjamanja, ndipo mankhwala a diso sagulidwa ndi misozi ya bambo. Ndiye ndatsala. Chikwama ndimalongedza, kenako n'kumasula. Lamlungu lililonse ndimapita ku depoti kukaona mabasi akwathu akunyamuka. Makondakitala ayamba kundizolowera, wina mpaka amandifunsa kuti, "Lero tikwera, mdala?" Ndimangoseka.

Kukiliniki andipatsa mafuta opaka m'manja, akuti ndisiye kugwira utoto. Ndinawafunsa ngati ali ndi ntchito ina yoti andipatse. Magolovesi ndikuvala.

Mwalemba kuti alamu anu ankagona pakhonde la chipatala masiku onse amene mwana anali mmenemo, ndipo ndi amene ankabweretsa chakudya. Mwati simunathe kumuthamangitsa. Pamenepo sindinena kanthu.

Mwafunsanso kuti muvotere ndani. Amayi a Kapensulo, anthu awiriwa ndawayang'ana nkhope kuposa akazi awo. Ndikudziwa pamene Wachipewa ali ndi chipsera chimene ndinachibisa, ndikudziwa kuti khutu limodzi la Wamagalasi ndi lalikulu kuposa linzake. Wachipewa maso ake ndi a munthu wotopa amene sakufuna kudzuka pampando. Wamagalasi ukamuvula magalasi, maso ake amayang'ana pamwamba pa mutu wako, ngati akufuna wina amene ali kumbuyo kwako. Kupitirira apo sindikudziwa kanthu. Mtima wina ukufunabe belu la fakitale ija, mtima wina ukuti ndinakula ine, ndisiye kunamizidwa. Votani mmene mwaonera. Mupite m'mamawa, musavale nsalu ya aliyense, mukatha mubwerere kunyumba.

M'phukusimu muli mapepala okhuthala ndi mapensulo ofewa, osafuna kudinikiza. Ndi a Kapensulo. Ngati dokotala walola, ndipo ngati iye akufuna, ajambule. Mumuuze kuti wanena ndine. Ulendo uno munene dzina langa.

Wanu,
Bambo a Kapensulo

5 Okutobala

Amayi a Kapensulo,

Moni kwa nonse. Ndakondwa kumva kuti utsi wa m'diso ukuchepa, ngakhale mwati kuwerenga zilembo zazing'ono kukumuvutabe. Mapasa muwauze kuti chithunzi chawo ndachiona, ndipo mlongo wawo sanawanamizire, mitu yawo ndi yaikuludi choncho.

Ndiye Wamagalasi wapambana. Kuno akwathu anavina mumsewu mpaka eni dziko anatulukira m'mawindo. Inenso ndinatuluka, koma kuvina sindinavine. Nsalu za Wachipewa zimene zinatsala Abwana agulitsa pa sikelo kwa anthu a magalaja. Dzana ndinaona makaniko akupukutira oyilo ndi chipewa chija.

Sipanapite nthawi, mneneri wa boma latsopano anamveka pa wailesi. Akuti nkhani ya fakitale ija ikufunika kuiunika mofatsa, ndipo malire sangatsekedwe lero ndi lero chifukwa pali mapangano ndi mayiko ena. Amlonda anaseka mpaka kutsamwa. Ine sindinaseke, komanso sindinakwiye. Ndinangomva ngati munthu amene wakhala akudikira basi, kenako wina n'kumuuza kuti msewuwo mabasi anasiya kudutsamo.

M'mawa mwake Abwana anandiitana. "Wakwanu uja akufuna nsalu za tsiku lolumbira. Walipiriratu. Umuikire nkhunda ndi dzuwa likutuluka."

Ndajambula. Zala zinali zitang'ambika moti pensulo ndinachita kuikulunga kansanza, koma ndajambula, ndipo nkhundazo zakongola. Abwana andipatsa zanga zonse, osachotsapo. Kenako anati tebulo lija likhale langa mpaka kalekale, ndipo mapepala anga awakonza okha.

Ndinapempha kuti ndikaganize. Ndinayenda tauni yonse, mpaka nsapato inandidya chidendene. Ndi mwayi umene ndinaufuna chifikireni kuno. Amlonda akuti ndikaukana ndiye kuti utoto wandilowa m'mutu. Mwina walowadi. Ndaukana.

Musandifunse kuti tidya chiyani, chifukwa yankho lokwanira ndilibe. Kwathuko fakitale kulibe, ndikudziwa. Chimene ndachita ndi ichi: ndagula kwa Abwana mafelemu akale odindira pamanja, amene anangowaunjika kuseri, ndi zitini za utoto wosawotcha khungu. Masukulu amafuna mabaji pa mayunifolomu, matimu a mpira amafuna manambala, makwaya amafuna malaya ofanana. Kapensulo azijambula zazikuluzikulu zosavutitsa diso, ine ndizidinda, uku akukonzekera kulembanso mayeso chaka chamawa. Zikakanika, magolosale sanathe, ndibwerera pa makwerero. Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Koma kuno ndakhala ngati munthu woima pakhomo, osalowa osatuluka, ndipo ndatopa.

Ndikwera lole ya Adalaivala Loweruka likubwerali, pamodzi ndi nsalu zolumbirirazo. Tsiku lofika sindinena, mwini wake ndi malire. Musaphike chodikirira. Manja anga mukawaona musakuwe pamaso pa ana, akuoneka moopsa kuposa mmene akupwetekera.

Chomaliza. Mwalemba kuti udindo umene mng'ono wanga anamulonjeza apatsa mphwake wa munthu wina, ndipo a chipani sakuyankhanso foni yake. Mwati masiku ano amaperekeza Kapensulo kuchipatala, pobwera n'kuima kunja kwa geti, osalowa, chifukwa cha mawu anga aja. Mukufuna kudziwa ngati mkwiyo wanga watha. Sunathe. Ndikatseka maso ndimamuonabe atakhala kutsogolo kwa lole.

Komabe mumuuze kuti ndikaimba foni adzandichingamire kumene amatsitsira katundu wa malole. Abwere yekha, ndipo abwereke wilibala. Bokosi la mafelemu silinyamulika ndi munthu mmodzi, ndipo ine kugwira sindingathe. Kuchokera kumeneko kufika kunyumba ndi kamtunda ndithu. Zimene tikakambirane panjira sindikuzidziwa, mwina ndimukalipira njira yonse, mwina sitilankhulana n'komwe. Koma mukadzamva wilibala ikulira pamsewu, mudzatsegule geti lonse. Tidzalowa tonse awiri.

Ndine wanu, amene ali m'njira,
Bambo a Kapensulo